Dziko lamphamvu ndi zonena za akunja: zimapweteka liti, zimangopita ndi mphepo liti?

Chaka ndi chaka bungwe la Pew Research Center la ku Washington limatulutsa ziwerengero za momwe anthu a m'mayiko ena akulionera dziko la America, ndipo zikangotuluka mkangano umayambiranso pomwe udalekera. Mbali ina imati mbiri ya dziko ikaipa ndiye kuti mphamvu zake zikuthanso. Mbali ina imangoseka. Imati dziko limene mu 2024 lidaika madola pafupifupi 997 biliyoni ku zankhondo, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene mayiko onse adaika kumeneko, lingasowe tulo bwanji chifukwa cha zimene mphunzitsi wa ku Hamburg kapena wogulitsa buledi wa ku Ankara akuganiza? Mu 2025 nkhaniyi idafika pakhomo pa anthu, boma la Donald Trump litathetsa bungwe la USAID ndi kuimitsa ntchito anthu ambiri a wailesi ya Voice of America, mabungwe amene kwa zaka zoposa 60 anthu akunja ankaidziwira America.

Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni, ndipo chosokoneza n'chakuti kawirikawiri sizikamba chinthu chimodzi. Maganizo a akunja alibe mfuti. Chimene amachita ndi kukweza kapena kutsitsa mtengo wa zinthu zimene dziko lamphamvu likufuna kwa ena: bwalo la ndege, voti, ngongole, asilikali omenyera limodzi. Nthawi zina mtengowo umakwera mpaka dziko kubwerera m'mbuyo, nthawi zina limalipira osamva n'kuwawa komwe.

Akunja ake ati, ndipo amayezedwa bwanji?

Munthu akati dziko lonse likutida, choyamba tifunse kuti akunena yani. Pali anthu wamba a m'dziko lina, pali boma lawo, ndipo pali osunga ndalama monga mabanki ndi makampani. Atatuwa sayendera limodzi nthawi zonse. Ku Egypt mu 2014 anthu 10 okha pa 100 alionse ndiwo adauza a Pew kuti amaiona bwino America, chonsecho boma la Cairo lakhala likugwira ntchito ndi asilikali a America kwa zaka zoposa 40, uku likulandira thandizo la zankhondo la madola pafupifupi 1.3 biliyoni pachaka.

Chimene chimayezedwa kwambiri ndi maganizo a anthu wamba. Pew idayamba kafukufuku wake wa mayiko ambiri mu 2002. M'dziko lililonse amafunsa anthu pafupifupi 1,000 osankhidwa mwamaere, pa foni kumene mafoni adafika paliponse, khomo ndi khomo kumene sadafike. Ndi anthu ochuluka chotero chiwerengero chikhoza kuphonya ndi atatu kapena anayi pa 100, kotero nyuzipepala ikalemba kuti okonda dziko lakuti atsika kuchoka pa 52 kufika pa 50, palibe nkhani pamenepo. Mafunso akuluakulu ndi awiri: mumaliona bwanji dzikolo, ndipo mumamukhulupirira mtsogoleri wake pa nkhani za mayiko? Lachiwirili limadumphadumpha modabwitsa. Ku Germany okhulupirira George W. Bush adali 14 pa 100 mu 2008, chaka chotsatira okhulupirira Barack Obama adali 93, ndipo mu 2017 okhulupirira Trump adali 11. Zaka zonsezi ndege za nkhondo za America zinkatera ndi kunyamuka pa bwalo la Ramstein monga mwa masiku onse.

Ziwerengerozi zimatha kunamiza. Kumene anthu amaopa boma, amayankha zimene akuganiza kuti boma likufuna kumva, ndipo m'mayiko ena ofufuza saloledwa n'komwe. Kumene misewu ili yoipa, mawu a m'tauni amamveka kuposa a kumudzi. Kafukufuku wochitika sabata imene zithunzi zoopsa zili pa kanema amapereka zina, wochitika patapita miyezi isanu amaperekanso zina. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi sadalira chaka chimodzi, amayang'ana komwe mzere ukulowera kwa zaka zisanu kapena khumi.

Kukakamiza, kugula, kukopa

Dziko likafuna kuti linzake lichite chinthu, likhoza kuliopseza ndi nkhondo kapena zilango, likhoza kulilipira, kapena likhoza kuchititsa kuti linzakelo lifune lokha chinthucho. Njira yotsirizayi ndi imene Joseph Nye wa pa yunivesite ya Harvard adaitcha soft power mu 1990. Iye adati imachokera ku chikhalidwe cha dziko, ku mfundo zake za ndale, ndi ku momwe ena akuonera chilungamo cha zochita zake kunja.

Mkanganowu ndi wakale kuposa Nye. Mu 416 BC mzinda wa Athens, ku Greece, udatumiza nthumwi ku kachilumba ka Melos kukauza anthu kuti agonje. Wolemba mbiri Thucydides akuti eni chilumba adapempha chilungamo, ndipo nthumwizo zidayankha kuti chilungamo amakambirana ofanana mphamvu, wamphamvu amachita zimene angathe ndipo wofooka amapirira. Amuna a ku Melos adaphedwa, akazi ndi ana adagulitsidwa ukapolo. Onyoza maganizo a akunja amakonda kulekera pamenepa. Otsutsana nawo amapitiriza nkhaniyo: patapita zaka zitatu gulu lankhondo la Athens lidathera ku Sicily, mizinda imene inkapereka msonkho mwamantha idayamba kugalukira, ndipo mu 404 BC Athens idagonja.

America payokha idabadwa ikusamala za akunja. Chikalata cholengeza ufulu wake cha 1776 chimayamba ndi kunena kuti ulemu kwa maganizo a anthu a dziko lapansi ukufuna kuti afotokoze zifukwa zodzipatulira ku Britain. Sikudali kufatsa chabe. Ankafuna ndalama, zida ndi sitima za France, ndipo adazipeza kudzera m'pangano la 1778. Koma nthawi imeneyo America idali yofooka, ndipo wofooka amasamala chifukwa alibe kuchitira mwina. Funso lenileni ndi la wamphamvu.

Taganizirani mpondamatiki wa m'mudzi amene sapita ku maliro a anzake. Palibe angamulande galimoto kapena chigayo, ndipo anthu amapitabe kukagayitsa kwa iye chifukwa chigayo china chili kutali. Tsiku limene maliro agwa pakhomo pake, adzukulu amakhala pansi. Manda amakumbidwabe, koma atapepesa kwa amfumu, atalipira mbuzi, mwinanso atalemba aganyu. Zimene wosauka amachitiridwa ulere, iye amagula. Fanizoli lili ndi polekera, pakuti pakati pa mayiko palibe mfumu yogamula chindapusa. Bungwe la United Nations lilibe asilikali akeake, ndipo mayiko asanu, America, Britain, China, France ndi Russia, lililonse likhoza kuletsa chigamulo cha nthambi ya chitetezo ndi voti imodzi.

Momwe maganizo amasandukira mtengo

Khomo loyamba ndi nyumba ya malamulo ya dziko la bwenzi, ndipo chitsanzo chomveka bwino ndi cha Turkey pa 1 Malichi 2003. America inkakonzekera kulowa mu Iraq ndipo inkafuna kudutsitsa asilikali 62,000 m'dziko la Turkey kuti akathire nkhondo kuchokera kumpoto. Idalonjeza thandizo la madola pafupifupi 6 biliyoni. Boma la Ankara lidavomera, ndipo chipani cholamula cha AKP chidali ndi aphungu oposa 360 mwa 550. Koma anthu pafupifupi 9 pa 10 alionse ankaikana nkhondoyo, ndipo tsiku la voti chikhamu cha anthu chidadzaza misewu ya Ankara. Aphungu 264 adavomera, 250 adakana, 19 sadaime mbali iliyonse. Malamulo ankafuna kuposa theka la aphungu onse amene adali m'nyumbamo, ndipo 264 idaperewera ndi mavoti owerengeka. Sitima zonyamula akasinja a gulu la 4th Infantry Division, zimene zidatha milungu zikudikira pa nyanja ya Mediterranean, zidatembenuka n'kukadzera ku Suez mpaka ku Kuwait. Gululo lidalowa mu Iraq mzinda wa Baghdad utagwa kale pa 9 Epulo. Ena amati umenewu ndi umboni wakuti Turkey sinkafunika. Ena amakumbutsa kuti nduna ya chitetezo Donald Rumsfeld adadandaula yekha mu 2005 kuti kutsekedwa kwa njira ya kumpoto kudapatsa mpata anthu a Saddam Hussein kubalalika, n'kudzakhala zigawenga.

Nkhondo ziwiri za ku Iraq zikaikidwa pamodzi, kusiyana kwa mtengo kumaonekera poyera. Ya 1991 idali ndi chilolezo cha nthambi ya chitetezo ya United Nations. Idadya madola pafupifupi 61 biliyoni, ndipo pafupifupi 54 biliyoni adalipira ndi ena, makamaka Saudi Arabia, Kuwait, Japan ndi Germany. Ya 2003 idalibe chilolezo chachindunji. Pamafunika mavoti 9 mwa 15, ndipo Angola, Cameroon, Guinea, Chile, Mexico ndi Pakistan sadalonjeze mavoti awo ngakhale adanyengereredwa kwa milungu. Bilu ya nkhondoyi idapitirira madola 700 biliyoni, yochoka m'thumba la olipira msonkho a ku America. Spain idachotsa asilikali ake pafupifupi 1,300 mu 2004, José Luis Rodríguez Zapatero atapambana chisankho ndi lonjezo lomwelo. Tisachite ngati chilolezo cha 1991 chidabwera ndi chikondi chokha ayi: Egypt idakhululukiridwa ngongole ya madola pafupifupi 7 biliyoni, ndipo Yemen itavota zokana idadulidwa thandizo la madola pafupifupi 70 miliyoni.

Mabwalo a asilikali nawo amadalira mtima wa eni dziko. Pa 16 Sepitembala 1991 aphungu a Senate ya Philippines adakana pangano latsopano ndi mavoti 12 kwa 11, ndipo America idachoka pa doko la Subic Bay chaka chotsatira. Mu 2014 boma la Manila lidatsegulanso khomo, osati chifukwa zakale zidaiwalika, koma chifukwa sitima za China zidayamba kuwapanikiza pa nyanja. Mu 2024 boma la asilikali la Niger lidatulutsa asilikali a America pafupifupi 1,000, kusiya bwalo la ndege la ku Agadez limene lidadya madola oposa 100 miliyoni.

Khomo lachiwiri ndi msonkhano waukulu wa United Nations, kumene dziko lililonse lili ndi voti imodzi. Pa 25 Okutobala 1971 mayiko 76 adavota kuti mpando wa China uchoke m'manja mwa boma la Taipei, ku Taiwan, upite ku Beijing, 35 adakana, ndipo America idagonja. Mavoti 26 mwa 76 aja adali a mu Africa. Zambia ndi Tanzania, kumene China inkamanga njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 mayiko a azungu atakana, adali patsogolo. Malawi adavota zokana, ndipo adadzatembenukira ku Beijing kumapeto kwa 2007.

Khomo lachitatu ndi ndalama, ndipo ndi limene limatseka msanga. Mu 1956 Britain, France ndi Israel adathira nkhondo Egypt, mtsogoleri wake Gamal Abdel Nasser atalanda ngalande ya Suez Canal. Msonkhano waukulu udapempha kuti nkhondo ileke ndi mavoti 64 kwa 5, koma chimene chidabweza Britain ndi chakuti ndalama yake ya paundi inkagwa ndipo pulezidenti wa America Dwight Eisenhower adatsekereza ngongole ya ku IMF mpaka Britain itavomera kuchotsa asilikali ake. Anthony Eden, nduna yaikulu ya Britain, adatula pansi udindo mu Januwale 1957. Sabata yomweyo ya Suez, akasinja a Soviet Union adalowa mu Budapest, likulu la Hungary. Nawonso adadzudzulidwa, koma Moscow sinkadikira ngongole kwa aliyense, ndipo sidasunthe. Ku South Africa nako, kuchotsedwa m'masewero a Olympics kuyambira 1964 kudawawa, koma zidafika pa mwana wakana phala mu 1985, banki ya Chase Manhattan itakana kuwonjezera nthawi ya ngongole zake ndipo mabanki ena atatsatira. Boma la P. W. Botha lidaimitsa kubweza ngongole za madola pafupifupi 14 biliyoni. Mabanki ankawerengera za ngozi ya ndalama zawo, koma kumbuyo kwawo kudali ophunzira, mipingo ndi makhonsolo a mizinda ya ku America amene ankachotsa ndalama m'makampani ochita malonda ndi boma la tsankho.

Pamene manyazi a kunja adalowa m'nyumba

Mu Okutobala 1957 Komla Gbedemah, nduna ya zachuma ya Ghana, dziko limene lidali litangolandira ufulu mu Malichi, adaima pa malo odyera ku Dover m'chigawo cha Delaware n'kuitanitsa madzi a malalanje. Adauzidwa kuti anthu akuda saloledwa kukhala pansi n'kumwera m'katimo. Nkhaniyo idazungulira dziko lapansi, ndipo Eisenhower adamuitana kukadya naye chakudya cha m'mawa ku White House. Mu Sepitembala chaka chomwecho, Eisenhower yemweyo adatumiza asilikali ku Little Rock kukaperekeza ana 9 akuda ku sukulu ya azungu okhaokha, ndipo polankhula ku mtundu adati adani a America akusekerera ndipo akugwiritsa ntchito nkhaniyo kuipitsa dzikolo.

Uwu udali mtengo weniweni pa nthawi imene America ndi Soviet Union ankalimbirana mayiko atsopano a mu Africa ndi Asia. Mu 1952 unduna wa zachilungamo wa America udalembera khoti lalikulu, pa mlandu umene udadzathetsa tsankho m'sukulu mu 1954, kuti tsankho likupatsa zonena mabodza a achikomyunizimu ndipo likukayikitsa ngakhale mayiko a abwenzi. Mu Meyi 1963, zithunzi za apolisi a ku Birmingham ku America akulumitsa anthu akuda ndi agalu zidatuluka mwezi womwe atsogoleri a mu Africa adakumana ku Addis Ababa kukhazikitsa bungwe la mgwirizano wa mayiko a mu Africa la OAU, ndipo Milton Obote wa ku Uganda adalembera pulezidenti John F. Kennedy kalata yodzudzula. Olemba mbiri amagwirizana kuti ntchito yaikulu adagwira ndi anthu akuda eni ake, m'misewu ndi m'makhoti. Chimene maso a akunja adachita ndi kupatsa boma la Washington chifukwa chakechake chosangokhala chete.

Pali otsutsa amene mfundo yawo si yamwano. Amati boma limasankhidwa ndi nzika zake, ndipo akunja savota, salipira msonkho, satumiza ana awo ku nkhondo za dzikolo. Mu 2005 khoti lalikulu la America lidathetsa chilango cha imfa kwa opalamula asanakwane zaka 18, oweruza asanu kwa anayi. Woweruza Anthony Kennedy, polemba chigamulo, adatchula kuti America idatsala yokha pololeza chilango chotere. Woweruza mnzake Antonin Scalia adakana kwamtuwagalu: malamulo a dziko la America amamasuliridwa ndi mbiri ndi chifuniro cha anthu a ku America, ndipo woweruza amene amatchula akunja pamene akugwirizana naye, n'kuwaiwala pamene sakugwirizana naye, akungosankha zomukomera. Mfundo yomweyi imamveka ku Beijing, ku Moscow, ngakhale m'mayiko ang'onoang'ono akadzudzulidwa ndi opereka thandizo.

Pamene dziko limangotseka makutu

Kuyambira 1992 msonkhano waukulu wa United Nations wakhala ukuvota pafupifupi chaka chilichonse kuti America ichotse ziletso za malonda pa Cuba. Mu 2023 mavoti adali 187 kwa 2. Ziletsozo zilipobe, chifukwa zigamulo za msonkhanowu sizimanga aliyense, ndipo palibe dziko mwa 187 aja limene lingataye msika wa America chifukwa cha Havana, pamene mavoti a m'chigawo cha Florida, kumene kuli anthu ambiri othawa ku Cuba, amawerengedwa pa chisankho chilichonse.

Pa 2 Malichi 2022 mayiko 141 adadzudzula Russia chifukwa cholowa mu Ukraine, 5 adakana, 35 sadaime mbali. Malawi ndi Zambia adali mwa 141, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa mwa 35. Ndalama za banki yaikulu ya Russia pafupifupi madola 300 biliyoni zidatsekeredwa kunja. Nkhondo sidaleke, pakuti India ndi China adagula mafuta amene Europe idasiya. Maganizo amaluma pamene odzudzulawo ali ndi chinthu chimene wodzudzulidwa sangachipeze kwina, ndipo ali okonzeka kutaya kanthu nawonso pomumana.

Vuto la kutseka makutu ndi lakuti bilu imatha kuchedwa. Mu Ogasiti 1953 akazitape a America ndi Britain adathandiza kugwetsa nduna yaikulu Mohammad Mossadegh ku Iran, ndipo kwa zaka 25 Shah, mfumu ya dzikolo, adali bwenzi lodalirika. Zimene anthu wamba ankaganiza sizinkawerengedwa. Mu 1979 Shah adagwa, ofesi ya kazembe wa America ku Tehran idalandidwa, anthu 52 adasungidwa masiku 444, ndipo udani umenewo udakalipo. Boma losasankhidwa likhoza kuphimba mkwiyo wa anthu ake kwa nthawi yaitali, koma likagwa, mkwiyowo ndiwo umalowa m'boma.

Kuopa kuoneka wofooka

Pali mtundu wina wa kusamala za akunja umene sukhudza kukondedwa. Uwu ndi wakuti adani ndi abwenzi azikhulupirira kuti ukanena chinthu udzachichitadi. Nthawi zambiri amene amanyoza kafukufuku wa Pew ndi omwewo amene amasamala kwambiri za mtundu uwu, ndipo wadyapo miyoyo yambiri. Mu Malichi 1965 John McNaughton, mkulu wina mu unduna wa chitetezo, adalemba zifukwa zimene America inkamenyera nkhondo ku Vietnam n'kuzipatsa manambala: 70 pa 100 kupewa kugonja kochititsa manyazi kumene kukadaononga mbiri yake ngati mtetezi wa abwenzi, 20 kuletsa dera kugwa m'manja mwa China, 10 yokha kuti anthu a ku South Vietnam akhale moyo wabwino. Asilikali a America oposa 58,000 adafa, a ku Vietnam adafa miyandamiyanda, Saigon, likulu la South Vietnam, idagwa mu 1975, koma mgwirizano wa zankhondo wa NATO ndi mapangano a America ndi Japan sadathe.

Katswiri wina, Daryl Press wa pa koleji ya Dartmouth, adawerenga zolemba za misonkhano yachinsinsi ya atsogoleri pa nthawi za mikangano ikuluikulu, monga ya Berlin ndi ya Cuba, ndipo adapeza kuti poyeza mdani ankayang'ana mphamvu zimene ali nazo lero ndi kufunika kwa nkhaniyo kwa iye, osati ngati adabwererapo m'mbuyo kale. Otsutsana naye amatchula Osama bin Laden, amene adanena poyera kuti kuchoka kwa America ku Beirut pambuyo pa bomba la 1983 ndi ku Somalia pambuyo pa 1993 kudamusonyeza kuti ndi dziko lothawa likaona magazi.

Kodi mbiri yabwino imagulidwa?

Mayiko amphamvu onse amayesa. America idatsegula Voice of America mu 1942, maphunziro a Fulbright mu 1946, ndi Peace Corps mu 1961, imene idafika kuno ku Malawi mu 1963. China idatsegula Confucius Institute yoyamba, sukulu yophunzitsa chilankhulo ndi chikhalidwe chake, ku Seoul mu 2004, ndipo nyumba ya malamulo ku Lilongwe, bwalo la Bingu ndi msewu wa Karonga kupita ku Chitipa ndi mbali ya ntchito yomweyo.

Umboni ukusonyeza kuti chooneka ndi maso chimagwira kuposa cholankhulidwa. Mu 2003 Bush adakhazikitsa PEPFAR ndi madola 15 biliyoni a zaka zisanu zolimbana ndi Edzi. Mu 2007, pamene oiona bwino America adali 9 pa 100 ku Turkey ndi 30 ku Germany, ku Kenya adali 87 ndipo ku Ghana 80. Mtsogoleri mmodzi, chaka chimodzi. Ku Indonesia chiwerengero chidakwera kuchoka pa 15 mu 2003 kufika pa 38 mu 2005, ndege za America zitanyamula madzi ndi chakudya kupita ku Aceh pambuyo pa tsunami. Ku Pakistan thandizo la chivomerezi cha 2005 lidakweza chiwerengero pang'ono chabe, ndipo pofika 2007 chidali pa 15, chifukwa nkhondo ya m'malire ndi Afghanistan inkalankhula mokweza kuposa matenti. Zithunzi za nkhanza za asilikali a America ku ndende ya Abu Ghraib ku Iraq zitatuluka mu Epulo 2004, panalibe wailesi imene ikadatha kuzifufuta.

Zimene akatswiri akadakanganabe

Choyamba ndi cha chiyambi ndi chotsatira. Kodi mayiko amatsata America chifukwa amaisirira, kapena amaisirira chifukwa ndi yolemera ndi yamphamvu? Ngati chachiwiri ndicho choona, mbiri yabwino ndi chipatso chabe cha chuma ndi zida, ndipo kuithamangira payokha n'kutaya ndalama. Ngati choyamba chili ndi gawo, ndiye ophunzira akunja oposa 1.1 miliyoni amene adali m'makoleji a America m'chaka cha 2023/24 ndi chuma chimene chikhoza kusamukira kwina.

Chachiwiri ndi cha kuchira. Kudumpha kwa Germany kuchoka pa 14 kufika pa 93 kumasonyeza kuti mbiri imabwerera ndi chisankho chimodzi. Koma maboma sayang'ana mtsogoleri yekha, amayang'ana ngati pangano la lero lidzakhalapo pakadzalowa wina. America idasaina pangano la nyengo la Paris, idatuluka, idabwerera mu 2021, ndipo mu Januwale 2025 idalengeza zotulukanso. Kodi pali malire a kangati bwenzi lingakhululuke lisanayambe kumanga mapulani osakuwerengera?

Chachitatu ndi cha mpikisano. M'zaka za m'ma 1990 wokwiya ndi America adalibe kwina kopita. Lero kuli China, India, mayiko a ku Gulf. Gawo la dola m'nkhokwe za mabanki akuluakulu a mayiko latsika kuchoka pa 71 pa 100 cha m'ma 2000 kufika pa 58 mu 2024, koma palibe ndalama ina imene yayandikira, ndipo akatswiri sagwirizana ngati kutsikaku kukuchokera ku kusakhulupirira kapena ku kusintha wamba kwa misika. Ku Canada mu Malichi 2025 chigawo cha Ontario chidachotsa mowa wa ku America m'masitolo a boma chifukwa cha mkangano wa misonkho ya katundu, ndipo anthu ambiri adaleka kuwoloka malire kukacheza. Kodi kunyanyala kotere kungasinthe maganizo a boma la Washington, kapena kumangopweteka ophika mowa a ku Kentucky?

Chomaliza ndi cha USAID yomwe ija. Ochirikiza kutsekedwa kwake amati ndalama zambiri zinkathera kwa makontrakitala ndipo mayiko olandira sankavota ndi America ku United Nations. Otsutsa amati zotsatira zake sizioneka m'chaka chimodzi, zidzaoneka tsiku limene Washington idzafune voti, doko kapena mgodi kwa boma losankhidwa ndi anthu amene adapeza chipatala chawo chatsekedwa. Tsikulo likadzafika ndipo yankho likadzakhala lokana, padzakhalanso kukangana ngati adakana chifukwa cha chipatalacho kapena chifukwa wina adapereka mtengo wabwinopo.